Thobwa la NaNgozo

Lufina NaNgozo wa ku Biriwiri ankafulula masese, ndipo dzanja lake linkadziwika mpaka ku Lizulu. Atabadwa mwatsopano, chaka chomwe zipani zinachuluka, anavundikira mbiya zake n'kulumbira kuti mowa sadzaukhudzanso.

Tsono itakwana nthawi yomangira chiliza malemu apongozi ake, alamu ake a Obed anabwera ndi chimera.

"Mlamu, Mngoni sakumbukiridwa ndi tiyi. Mukufuna mutichititse manyazi?"

Akakana, mudzi umunena. Akavomera, Mulungu akuona. Lufina anaphika thobwa, poganiza kuti wadutsa pakati. Koma simenti inachedwa, mwambo unasunthidwa, thobwa lija n'kumangowira lokha m'migolo.

Pa tsikulo madoda anamwa, navina ngoma mpaka kugwa m'fumbi. "Dzanja lija labwerera!" anakuwa a Obed. Amayi a kutchalitchi anadzambatuka n'kuchoka osamutsanzika.

Lufina anakakhala kuseri kwa nkhokwe, mutu utaima. Omuyamika ankamuyamikira chomwe sanachite, omunyanyala nawonso chimodzimodzi.

"Ambuye," anatero mtima ukuwawa, "ine ndinaphika thobwa. Nanga masiku enawo ankafulula ndani?"