Bambo Amene Tinawameta Maliro Ali Moyo

Ndikukumbukira tsiku limene ndinataya nzimbe ya bambo anga m'fumbi la msewu wa pa Ulongwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma pakamwa panga panali pa munthu wamkulu, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Bambo anga ondibala, a Jemusi, anapita ku nkhondo ya azungu ine ndili m'mimba. Patapita zaka ziwiri, mesenjala wa ku boma anabwera ndi kalata yonena kuti anafera kutsidya kwa nyanja. Kumudzi kunaliridwa maliro opanda mtembo. Anthu anameta, nyumba yawo inagwetsedwa monga mwa mwambo, amayi anasudzulidwa. Kenako anakwatiwa ndi a Paulo, mlimi wa thonje, amene ndinakula ndikuwatchula kuti bambo.

Nkhondo itatha, a Jemusi anatsika sitima pa Balaka ali amoyo, atavala jasi la chisilikali, mwendo umodzi ukukoka. Kalata ija inali yolakwika. Koma pamudzi pa amayi iwo anali mkamwini chabe, ndipo malo awo anali atalowa wina. Makolo awo, amene anachokera kwa Apwitikizi, anali atatha kale. Choncho anamanga kanyumba m'mbali mwa msewu, n'kumamata machubu a njinga.

Anthu ankabweretsa njinga zawo, koma ankadikira ataimirira chapatali. Panalibe wodya mbale imodzi ndi munthu woliridwa kale. Ku tchalitchi ankakhala okha kumbuyo, chipewa chili pamaondo. Ife ana tinkawatcha mzukwa.

Ndinkadziwa ndithu kuti ndi bambo anga, amayi sanandibisire. M'mawa uliwonse ndikamapita kusukulu ya mishoni, ankasiya ntchito n'kuima njo ngati ali pa pelete, n'kumandiyang'ana mpaka nditadutsa. Fungo la ulimbo wawo womatira ndimalimvabe. Sankandiitana, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku limenelo anandiitana.

"Agnesi, mwanangu, talandira."

Inali nzimbe yosenda bwinobwino, yodulidula kuti mwana asavutike nayo. Anzanga kumbuyo anayamba kuseka: "Mwana wa mzukwa! Mwana wa mzukwa!" Ndinalandira ndi dzanja limodzi n'kuiponya pansi.

"Za anthu akufa ine sindidya."

Anawerama movutikira chifukwa cha mwendo uja, natola zidutswazo chimodzichimodzi, n'kumazipukuta pa buluku lawo.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza a Paulo akusankha thonje pakhonde, ndipo ndinkayembekezera mkwapulo. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Anzake a ku nkhondo a munthu uja ali ku Limbe, akulondera masitolo, akudya bwino," anatero. "Iwe ukuganiza kuti iye akukhalira chiyani pamsewu paja? Machubu?"

Anadziyankha okha.

"Iyayi, akukhalira iwe. Mawa upite ukagwade, ukamutchule kuti bambo. Ine sindichepa nazo."

Mawa lake sindinapite. Manyazi anandigwira, ndinayamba kulambalala msewu n'kumadzera m'minda ya thonje. Tsiku lililonse ndinkati mawa, ndipo linda madzi apite kwanga kunatha sabata yathunthu. Pamene ndinalimba mtima, nditanyamula mazira anayi amene amayi anandipatsa mwakachetechete, ndinapeza chitseko chitamangidwa ndi luzi. Pansi panali tizidutswa ta mphira tokha.

"Asilikali aja?" anatero mayi wogulitsa nthochi pafupi. "Anakwera lole ya ku Balaka dzana. Akuti akupita ku Halale."

Ndinakhala pakhonde lawo mpaka dzuwa linapendeka, mazira ali pamiyendo. Sanabwerenso, ndipo sanalembe kalata.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndimaona zimene sindinkaona. Kalaliki amene analemba kalata ija analakwitsa osadziwa. Akuluakulu amene anameta maliro ankatsata mwambo, nawonso osadziwa. Ine ndekha ndinawatcha wakufa ndikuwaona ndi maso, atanditambasulira dzanja. Zimenezi zimandipwetekabe. Adzukulu anga amati ndimakalipa kwambiri mwana akamazengereza kupepesa, ndipo sanama. Sadziwa kuti ine ndinachedwa masiku awiri okha, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene kuli manda a munthu amene sindinamutchulepo kuti bambo.