Mkazi Amene a Msaiwale Anampeza M'buku

A Msaiwale Mbewe sagula chinthu asanachigogode. Anabadwira ku Bembeke, sukulu anailekera sitandade sikisi, ndipo chifukwa chake amachinena okha: aphunzitsi anati dziko ndi lozungulira, koma atawapempha kuti awaonetse pamene likukhotera, anawakwapula. Kuno ku Perth anabwera mu 2007 atagwira mpendero wa diresi la akazi awo, mayi Consolata, amene anapeza ntchito ya unamwino. Mukafuna kuti akunyanyalireni sabata yathunthu, afunseni kuti pa awiriwa anatsata mnzake ndani.

Ntchito anaipeza kumsika waukulu wa ku Canning Vale, kumene malole amatsitsa zipatso ndi masamba. Anayamba ndi kusenza makatoni, kenaka anakwera pa fokolifiti, koma chimene chinawatchukitsa ndi chala. Vwende likongole chotani, a Mbewe amaligogoda kawiri, khutu ali tcheru, n'kunena kuti, "Ili lawola m'kati." Mukalidula, mupeza n'zoona. Mpaka eni magolosale amachita kuwafunsa ndi dzina.

Chala chomwecho anachitengera kumaukwati. Amalawi a kuno, kaya a Katolika, a CCAP ngakhale a Sabata, akasowa nkhoswe amathamangira kwa iwo. Aimirira maukwati asanu ndi anayi, ndipo palibe umene wagwa. Mnyamata wina anamkana chifukwa ankaseka nthabwala isanathe. Anthu anati nkhalambayi yanyanya. Patapita chaka kunamveka kuti mnyamatayo anali ndi ana atatu ku Kasungu.

Tsono chaka chathachi vwende linagubudukira pakhomo pawo penipeni. Tisungeni, mwana wa malemu mlongo wawo Felesta, amene anabwera kudzachita maphunziro apamwamba a zanthaka kuyunivesite, anafika Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, nagwada pa kapeti.

"Malume, ndapeza munthu. Dzina lake Arko Pakrashi, ndi injiniya kufakitale ku Kwinana."

"Mmwenye?"

"Mbengali. Kwawo ndi ku Kolkata."

"Sitolo yawo ili kuti?"

"Alibe sitolo, malume. Banja lawo ndi la olemba mabuku ndi ndakatulo, kuyambira agogo a agogo awo. Kwawoko ana a sukulu amachita kuloweza zolemba zawo. Arko yekha ndiye salemba."

A Mbewe anakanda m'ndevu. "Ndiye kuti mtundu wonse wakhala ukudya za kupeka nkhani mibadwo isanu. Iwe n'kumakhulupirira zimene akukuuza?"

"Bambo a Melvin, mwayambatu," anatero mayi Consolata ali kukhichini.

Loweruka lotsatira masana anapita kukaona banjalo ku Willetton. Nsapato anawavulitsa pakhomo, ndipo a Mbewe anaziika pakona pamene diso lawo likanafika ali pabalaza. Khoma lonse linali zithunzi za amuna andevu, aliyense atagwira tsaya ngati akumva dzino. Mwini nyumba anali agogo ake a Arko, mayi Pakrashi, gogo wamng'ono thupi, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu, koma akatsokomola nyumba yonse imaima. Anawadyetsa nsomba yophikira mpiru woluma m'mphuno, ndi timipira ta mkaka tonyika m'madzi a shuga. A Mbewe anadya bwino, koma mtima unkati munthu sakudyetsa shuga wochuluka chotere popanda chimene akufuna kuti usachilawe.

Atatha kudya, Tisungeni ndi mayi Consolata analowa kukhichini kukathandiza mbale. Gogo uja anatulutsa buku lalikulu lokutidwa m'nsalu yofiira, buku la mtundu wawo. Mwamuna aliyense analembedwa kumanzere, mkazi wake kumanja, m'zilembo zawo zija zonga zovala zoyanika pachingwe. M'munsi mwa dzina lililonse munali zilembo zathu za pensulo, zothandiza adzukulu okulira kuno. Gogoyo ankafotokoza m'Chingelezi kuti uyu anakwatira mwana wa woweruza, uyu mkazi wake ndiye ankamkonzera ndakatulo, uyu anakangana ndi mkulu wake zaka makumi awiri chifukwa cha mzere umodzi. A Mbewe ankangoti "yesi, yesi," diso lili pansi pa tsambalo. Anapeza Arko. Kumanja kwake, ndi inki yatsopano, kunali dzina kale: Ipshita.

Gogoyo ataona kumene diso lawo lagwera, anatseka buku lija phwa!

Potuluka, akumanga zingwe za nsapato, anaona phukusi lochokera ku Kolkata lili kuseri kwa chitseko. Pakona pake wina analembapo ndi cholembera chakuda: Ipshita.

"Lawola," anatero ali m'galimoto, atatsitsa Tisungeni kumene amakhala.

"Chawola n'chiyani?" anafunsa mayi Consolata.

"Mnyamata uja ali ndi mkazi. Ndamuona m'buku, ndipo zovala zake zafika kale."

"Inu munadya nsomba zitatu m'nyumba ya anthu, lero mukuti chiyani? Mwina ndi mlongo wake."

"Mlongo salembedwa kumanja, mayi a Melvin. Sitandade sikisi ndi sukulu ndithu."

Chinkhoswe chinali chitatsala masabata atatu, holo ya kutchalitchi atailankhulira kale, ndipo achibale a ku Bembeke ankadikira liwu limodzi lokha la a Mbewe, loti eya kapena ayi. Lachiwiri anamuitanira Arko kumsika, shifiti itatha, namgulira tiyi. Anadikira kuti mnyamatayo aike kapu pamlomo.

"Ipshita ndani?"

Tiyi anatulukira m'mphuno. "Ankolo, mwaliona kuti dzina limenelo?"

"Ndafunsa ndine."

"Sindingathe kunena. Agogo anandilumbiritsa. Si zoipa ayi, zonse zidzadziwika tsiku la ukwati."

"Tsiku la ukwati! Mbuzi italowa kale m'khola, chitseko mutapiringidza?"

Arko anangoyang'ana pansi, makutu ali psuu. A Mbewe anaona kuti chala chawo sichinawanamizepo.

Madzulo ake anamfunsa Tisungeni. Mwanayo dzinalo anali asanalimvepo. Anamuimbira Arko pomwepo, ndipo atamva yankho lomwelo la kulumbira, anaika foni patebulo mwakachetechete ngati dzira. Masiku atatu sanadye. Apa ndiye a Mbewe anapsa mtima zenizeni, pakuti mwana uyu anamlandira m'manja ali ndi masiku anayi.

Loweruka anabwerera ku Willetton atatu onse, a Mbewe atavala jekete lawo la maukwati. Timipira ta shuga anatikana. Anaimirira pakati pa balaza ndi masokosi okhaokha, nalankhula Chingelezi chawo cha kumsika, chimene chilibe mabuleki.

"Mayi, mtulutseni. Ife kwathu mitala timaidziwa, ena amaikonda, ena ayi. Koma mkazi wamkulu amaonekera poyera, timampatsa moni. Sabisidwa m'buku."

"Mkazi wamkulu wa yani?"

"Ipshita."

Gogo uja anayang'ana Arko ndi diso lopsereza udzu, namkalipira m'chilankhulo chawo. Kenaka anakweza chala chake chopindika naloza Tisungeni.

"Ipshita ndi uyo wakhala apoyo."

Anafotokoza kuti m'nyumba ya a Pakrashi mkazi aliyense wokwatiwa amapatsidwa dzina latsopano ndi wamkulu wa banja. Amalisankha mosamala kuti likomere m'ndakatulo, ndipo mkwatibwi salimva kufikira tsiku limene waponda pakhomo. Iye analifunafuna miyezi iwiri. M'phukusi muja munali nsalu ya ukwati ya Tisungeni yemwe.

Mayi Consolata anatsina amuna awo pantchafu. Koma a Mbewe nkhani yokoma chotere, yochokera kwa anthu opeka nkhani, sakanaimeza yosatafuna.

"Umboni."

Gogoyo anatsegula buku, naloza dzina limene linali kumanja kwa malemu amuna ake. "Sulekha. Ameneyu ndine. Koma ndinabadwa Renu. Ndinalowa m'nyumbayi ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo apongozi anga, awo ali pachithunzi chapakatiwo, anati dzinalo n'lalifupi, silidzaza mzere." Anatuma Arko kuchipinda, nabwera ndi satifiketi yakale ya sukulu, yofiirira ngati fodya. A Mbewe anaipenda kumaso ndi kumbuyo, naiyang'anitsa padzuwa. Inalidi ya Renu.

Munthu wina akanapepesa n'kupempha timipira tija. Iwo anagogodanso.

"Chabwino. Nanga Renuyo anapita kuti?"

Gogo uja anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya nsalu yake.

"Womaliza kundiitana choncho anali mayi anga," anatero. "Mu 1979."

A Mbewe anakhala pansi tsopano. Anati mlongo wawo Felesta anamwalira kuchipatala cha mishoni mwanayu ali ndi masiku anayi. Sanasiye munda, sanasiye nyumba. Anangowagwira dzanja n'kunena dzina la mwana, ndipo dzinalo linali pempho lake lomwe, loti otsala awasunge. "Ndiye ine ndikaimike anthu a ku Bembeke n'kuwauza kuti ndasunga mwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, dzina lokha ndalitaya ku Willetton? Ukwati wotere sindiuimirira."

"Malume, ndilankhuleko," anatero Tisungeni. Anasendera pafupi ndi gogo uja. "Agogo, dzina mwandisankhirali ndalilandira. Mukandiitana nalo m'nyumba muno ndidzayankha. Koma m'bukumo mulembe limene anandipatsa amayi anga. Ana anga akadzatsegula, adzandipeze."

"Sizinachitikepo," anayankha gogoyo.

"Injiniya nayenso anali asanachitikepo m'banja lino," anatero Arko, koyamba kutsegula pakamwa tsiku limenelo.

Gogoyo anayang'ana zithunzi za andevu zija chimodzichimodzi, ngati akuwerenga amene angamutsutse. Kenaka anaitanitsa cholembera. Analemba pansi pa tsamba, m'zilembo zawo zokha, osaikapo za pensulo. Atatero anakweza dzanja nalembanso kena pamwamba, msangamsanga, n'kufuna kutseka.

Malo awiri! A Mbewe anaona. Anatulutsa foni najambula tsamba lonse buku lisanatsekeke.

"Tsono mwavomera?" anafunsa mayi Consolata ali m'galimoto.

"Ndiyankha Lolemba."

Lolemba m'mawa anadikira lole ya anyezi, imene dalaivala wake ndi wa ku Bangladesh, kumene amalemba zilembo zomwezo za m'buku lija. Sanamuuze nkhani iliyonse. Anangomuonetsa foni, naloza pansi pa tsamba.

"Werenga apa."

Dalaivalayo anatsinzina diso limodzi. "Ti-su-nge-ni. Dzina la kuti limeneli?"

"Usandifunse. Nanga apa pamwambapa?"

"Apa pali Sulekha, inki yakale. Pambali pake awonjezera lina ndi inki yatsopano. Renu."

A Mbewe anabweza foni m'thumba, napita kukayang'ana dalaivala wina wa chilankhulo chomwecho, wa lole ya mbatata, amene sagwirizana ndi woyambayo. Nayenso anawerenga chimodzimodzi. Pamenepo mpamene anaimba foni ku Bembeke n'kunena kuti eya.

Pachinkhoswe anavina mpaka jekete linang'ambika kukhwapa, ndipo gogo uja ankamupatsa moni aliyense ndi mawu amodzi a Chichewa amene anaphunzira. Ukwati wakhumi uli chiimire. Koma chithunzi cha tsamba lija a Mbewe sanachifufute. Akapita ku Willetton, asanalawe n'kampira kamodzi komwe, amapempha kaye buku lofiira lija, n'kuliyerekeza ndi foni, kuona ngati andevu aja sanasinthe kanthu.