Mawaya Awiri Obiriwira

Fungo la utomoni ukamapsa pa chitsulo chamoto limandibweretsera agogo anga aamuna, a Gidiyoni, mpaka lero. Ndimawaona atakhala pa chitini cha palafini kuseri kwa masitolo a amwenye, pansi pa mtengo wa mango umene unasiya kubala chifukwa cha utsi, mbaula ili pakati pa miyendo yawo, m'makala ofiira atazikamo chitsulo chawo chowotcherera cha mutu wamkuwa. Kumaso kwa masitolo kunkamveka mabelu a njinga, makina a matelala akulira pakhonde, ndi amayi otsatsa nthochi panjira ya kumsika. Inali nthawi ya Chitaganya. Lilongwe anali katauni kafumbi ka m'mbali mwa mtsinje. Ma Area amanambala mukuwadziwawa kunalibe, ndipo uko mumati ku City Centre kunali tchire loti anyamata n'kukasakako mbewa.

Ntchito ya agogo inali mawaya a galimoto basi. Injini sankaikhudza. "Injini ndi mimba," ankatero, "ine ndine wa mitsempha." Luso limeneli analitola m'galaja ina ku Halale, ndipo atabwerera kuno anagwira malole a a Sulemani, mmwenye wa sitolo yansalu amene ankatumizanso fodya ndi mtedza kunjanji ku Salima. Msewu wa ku Salima unkagwedeza lole ngati lichero, mawaya n'kumakhulana ndi zitsulo, choncho iliyonse inkabwerako ndi matenda ake: ina nyali yatsinzina, ina hutala yasasa mawu.

Tisabise, anali munthu wamakani. Mawaya ongopota ndi zala n'kukulunga tepi ankawatcha ukwati wopanda ankhoswe. Iwo ankapala nsonga ziwirizo ndi mpeni mpaka mkuwa uwale, n'kuzipota pamodzi, kupaka utomoni, kenako kuzula chitsulo pamakala, kuchiyandikiza patsaya kuti amve kutentha kwake, n'kuchigunditsa kunsi kwa mfundoyo. "Uwotche waya, osati mtovu," ankandiuza ngati kuti ndinawafunsa. "Waya akatentha amadziitanira yekha mtovu." Ndipo zoonadi, mtovu unkasungunuka n'kulowerera m'timinyewa ta waya, kautsi koyera kakukwera m'mphuno mwawo.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikaweruka kusukulu amayi ankandituma kukawasiyira mbatata yophika. "Mkazi wanga wafika!" ankafuula motero, monga agogo amachitira ndi adzukulu awo aakazi. "Wachedwa ngati lole ya a Chimbalanga." A Chimbalanga anali dalaivala wamkulu wa a Sulemani, munthu wolongolola amene pakamwa pake sipankazima fodya.

Tsiku lina agogo anandituma kuti ndiwafunire kasikuluwu kamene kanagwa. Kanali pafupi ndi chala chawo chachikulu chakuphazi, kakuwala padzuwa. Nditawapatsa anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi.

"Mkazanga, ungasunge chinsinsi cha mwamuna wako?"

Ndinayang'ana m'maso mwawo ndipo ndinaona kamtambo koyera pakati pa diso lililonse. Inali ng'ala. Anati munthu amamuona, lole amaiona, koma mitundu yonse yasanduka phulusa. Tsono mawaya a m'malole amenewo ankadziwika ndi mitundu ya nsalu yake: wina wa nyali, wina wa hutala, wina wa mabuleki. A Sulemani akanadziwa, malole onse akanawolokera kutsidya, kugalaja ya mzungu kumene kunali makaniko wa mapepala wochokera ku Rhodesia. Ndipo amalume, amene ankangoti agogo akalamba, akanawakweza basi ya kumudzi sabata yomweyo.

"Kumudzi ndidzapita m'bokosi," anatero, "osati kukaothera dzuwa ngati buluzi. Iwe ukhala maso anga. Ndikagwira waya n'kunena kuti 'Uyu?', uziyankha mawu amodzi, monong'ona. Amodzi okha."

Ndinavomera, ndipo ndinkanyada kwambiri. Kwa miyezi ingapo zinayenda bwino, chifukwa ntchito zake zinali za waya mmodzi kapena awiri. Anthu ankangoti mdzukulu wa a Gidiyoni amakonda agogo ake.

Kenako, m'kati mwa nyengo ya fodya, lole ya a Chimbalanga inafuka utsi kunsi kwa chiwongolero ikutsika kuchokera ku Salima. Iwo anazimitsa ndi mchenga, koma mtolo wonse wa mawaya unali utapsa pakati, utali wa chikhatho. Makaniko wa kutsidya anati pafunika kuitanitsa mawaya atsopano onse kuchokera kumwera, zomwe zikanatenga masabata, fodya ali m'mabelo kudikira. Agogo anapapasa popsapo n'kunena kuti, "Mawa dzuwa lisanafike pamutu, lole iyi ilira."

Mawa lake linali Loweruka, kopanda sukulu. Tinayamba mame asanaume. Agogo anadula popsa ponse, anakoka mtolowo kuti mbali ziwiri zikumane, ndipo panatsala nsonga mbali iyi ndi nsonga mbali iyo, iliyonse yofunika kuikwatitsa ndi mnzake. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, ine nditagwada pambali ndi kabotolo ka utomoni. Vuto linali a Chimbalanga. Anatsamira pachitseko osasuntha, akusimba za ng'ombe imene inawatsekera msewu, moti tinalibe mpata wolankhula momasuka.

"Uyu?"

"Wofiira."

"Uyu?"

"Woyera."

Tinapita choncho, mfundo ndi mfundo, mpaka panatsala nsonga zinayi, ziwiri uku ziwiri uko. Agogo anagwira imodzi kumanzere. "Uyu?" Ndinati wobiriwira. Anagwira ina kumanja. "Uyu?" Ndinayang'ana. Sanali wofanana ndendende ndi woyamba uja, koma nanenso ndinalibe dzina lina lomupatsa. Kwathu masamba ndi obiriwira, kumwamba kukayera bwino timatinso kwabiriwira. Komanso lamulo linali mawu amodzi. Ndinanong'ona kuti, "Wobiriwira." Agogo anawotcherera. Ziwiri zotsalazo sanafunse n'komwe, poti zinatsala zokha.

A Sulemani anabwera ndi anyamata awiri atanyamula batire. Matelala anasiya makina, ogula nawo anazungulira kuseri, pakuti mbiri inali itamveka yakuti mkulu wa pansi pa mango walonjeza zimene zakanika kutsidya. A Chimbalanga anakwera n'kupotoza kiyi. Nthawi yomweyo nyali zazikulu zonse ziwiri zinayaka, dzuwa likuswa mtengo, popanda wozikhudza. Atakoka batani la nyali, kachitsulo kopukuta galasi kanayamba kuvina pagalasi louma. Anthu anafa nacho chiseko.

A Sulemani sanaseke. Anawerama, anasenda tepi pamfundo imodzi n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"A Gidiyoni, uyu ndi buluu, uyu ndi giriini. Izi ngakhale mwana angaone. Maso anu ali bwino?"

"Ndi kamwanaka, bwana," analowerera a Chimbalanga. "Kakhala kakuwanong'oneza kuyambira m'mawa. Ine ndimangomva."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Misozi inali itayamba kale, ndipo ndinkadziwa kuti agogo akangoti mwana wandisokoneza, nkhani itha, chinsinsi chitsala. Iwo anatuluka m'lolemo pang'onopang'ono, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuimirira mowongoka.

"Mwanayu musiyeni. Maso anga ndi amene afa, bwana. Mitundu sindiiona, papita miyezi. Malole anu onse amene ayenda chaka chino, ayenda ndi maso a mwana uyu ndi manja anga awa. Ilipo imene inakuzimirani panjira pamene ndinawotcherera ine?"

A Sulemani anakanda ndevu zawo. Anati akupita kukatseka sitolo kuti akaswali, ndipo akabwerako lole ikadali yopenga, aikokera kutsidya, iyo ndi zinzake zonse.

Anthu atabalalika agogo anakhala pa chitini chawo. Ine ndinali kusisima. Anandiuza kuti ndizule udzu umene unamera pamene matelala ankataya madzi.

"Udzu uwu ndi wotani?"

"Wobiriwira."

"Nanga kumwambaku?"

"Kobiriwira," ndinayankha ndikupukuta mamina.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ukuliranji? Sunaname. Makolo anatisiyira mawu amodzi, mzungu waika mawaya awiri. Wopusa ndine, amene ndinakumanga pakamwa kuti uziyankha kamodzi. Kuyambira lero, uyu wonga udzu ndi wa msipu, uyo wonga kumwamba ndi wa thambo. Ndipo uzinena mokweza. Chinsinsi chapsa kale, tikubisiranji phulusa?"

Anakoleza mbaula mwatsopano. Sanangomasula mfundo ziwiri zolakwikazo ayi. Anasenda tepi pa zonse, imodzi imodzi, kuti ndinene mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo ngati waya anali ndi kamzere ka mtundu wina ndinkanenanso. Dzuwa linali litatenthetsa denga la lole moti thukuta linkawalowa m'maso ofookawo. Dontho la mtovu linawagwera padzanja, ndinamva fungo la khungu, koma mfundo sanaisiye mpaka itazizira. Kumzikiti kunamveka kuitana, ife tili pa mfundo yomaliza.

"Uyu?"

"Wa thambo!" Ndinakuwa moti nkhuku zinathawa pansi pa lole.

"Uyu?"

"Wa thambonso, agogo!"

"Akwatirane."

A Sulemani atabwera, a Chimbalanga anapotoza kiyi ndipo nyali zinakhala chete monga ziyenera. Anakoka batani, zinayaka. Anaponda buleki, kumbuyo kunafiira. Hutala inalira mpaka matelala anatulukanso. Koma agogo sanakhutire. Anatenga tizidutswa tiwiri ta waya, anatseka maso dala pamaso pa onse, anapala, anapota, anawotcherera, n'kupereka kwa a Sulemani.

"Kokani, bwana. Ndi mphamvu zanu zonse."

A Sulemani anakulunga nsonga m'manja n'kukoka mpaka nkhope inasintha. Waya anaduka, koma anadukira pambali. Mfundo inatsala yathunthu, ikuwala. Anaitembenuza kangapo, kenako anaiponya m'thumba la malaya awo.

"Lolemba kukubwera ina ya hutala yakufa," anatero. Atayenda pang'ono anacheuka n'kundiloza. "Koma mayi uyu asajombe sukulu chifukwa cha malole anga. Aziyamba waweruka."

Sanandichitirepo ulemu wotere munthu wamkulu aliyense. Agogo anangoti, "Mwamva, mkazanga? Mwalembedwa ntchito," n'kuyamba kusenda mbatata yawo yozizira.

Anagwira ntchito pansi pa mango uja zaka zina zinayi. Chitaganya chinatha iwo akadali pa chitini chawo, ndipo kumudzi anapitadi m'bokosi, monga ananenera.

Ine ndinakhala telala, ndipo ana onse amene ndinawaphunzitsa kusoka amadziwa kuti kwa ine sunena kuti ulusi wobiriwira n'kuthera pomwepo. Tsopano ng'ala ija yandipeza nanenso. Adokotala akuti adzaichotsa, ndipo ndili pamndandanda, koma makina sindinawaphimbe. Ana anga akuti ndipume. Ndimawayankha kuti buluzi ndi amene amaothera dzuwa. Dzulo mdzukulu wanga wamng'ono wamwamuna anakhala pambali panga ataweruka kusukulu, ine ndikupapasa m'chitini cha ulusi. Ndinatulutsa umodzi n'kufunsa kuti, "Uwu?"

"Wobiriwira, agogo."

Ndinamva fungo la utomoni m'chipinda mopanda mbaula. Ndinamugwira dzanja n'kumukokera pafupi.

"Mwamuna wanga, yang'ananso bwino. Wa msipu kapena wa thambo?"