Mpanda wa ku Dimba la Abambo

Abambo anga anaphunzitsa masamu ku pulayimale moyo wawo wonse, m'masukulu a cha kuno ku Lobi, mpaka anapuma. Ife ana awo tinakula tikuyeza zinthu. Chitseko, tebulo, mphasa, chilichonse cha ngodya zinayi ankachisandutsa funso. Ankati perimita ndi ulendo wa nyerere yoyenda m'mbali mpaka kufika pomwe inayambira, ndipo eliya ndi malo onse am'kati, aja amazira amayi athu. Ukasokoneza ziwirizi ankakuyendetsa kuzungulira nyumba, kenako n'kukupatsa tsache kuti usese m'kati, uone wekha kusiyana kwake.

Sitiroko inawagwetsera ku dimba lawo la kabichi, kumunsi kwa phiri. Mbali yakumanja inafa ndipo mawu anathawa. Ankamva zonse, koma pakamwa pankangotuluka liwu limodzi: basi. Akafuna madzi, basi. Akamva kupweteka, basi.

Ine ndine namwino, choncho atatuluka m'chipatala ndinapempha tchuthi n'kupita kumudzi. Ndinkadziwa kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwawongola mkono. Chobwezeretsa mawu ndinalibe, ngakhale amayi ankandiyang'ana ngati ndachibisa m'chikwama.

Inali nyengo yachisanu, anthu atakolola kale. M'mawa ine ndi achimwene anga tinkawanyamula n'kuwakhazika pamphasa pakhonde kuti aothere dzuwa. Tsiku lina anatola khala lozima pafupi ndi mbaula, n'kujambula ndi dzanja lamanzere kabokosi kotalika pasimenti. Anayendetsa chala m'mbali mwake mpaka kuzungulira, kenako anasisita m'kati ndi chikhatho, n'kutiyang'ana.

Amayi anangoona kamodzi n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Anapita kuseri kwa khitchini, ndipo nditawatsatira anandiuza kuti abambo akutisonyeza manda awo. Ndinawakanira, koma nanenso mtima unali utandiphulika. Achimwene anayesa kufunsa ngati ndi chitseko, zenera kapena khola la nkhumba. Funso lililonse abambo ankaliyankha ndi basi, uku akupukusa mutu.

Zinapitirira choncho. Amayi ankakolopa chojambulacho, m'mawa mwake abambo n'kujambulanso. Mpaka amayi anaitanitsa a katekisiti kuti adzawapempherere. Pemphero lonse abambo anangoyang'ana kabokosi kawo. A katekisiti atatambasula dzanja kuti atsanzike, abambo analigwira n'kulikokera pansi, kuliyendetsa m'mbali mwa chojambulacho. Bambo wa anthuyo anangomwetulira mwamanyazi, nati Mulungu ndiye akudziwa.

Zomwe zinatithandiza ndi mbuzi. Nyengo imeneyo anthu amazimasula kuti zizidya mapesi, ndipo gulu lina linadutsa pabwalo likulowera kudambo komwe kunali dimba lija. Abambo anamenya pansi ndi ndodo, kuloza mbuzizo, kuloza kudambo, kenako kabokosi. Apo amayi anakumbukira kuti asanadwale ankanena zomanga mpanda watsopano, popeza wakale unali utadyedwa ndi chiswe.

“Ndi dimba, abambo? Mukufuna mpanda?” ndinafunsa.

Anavomera ndi mutu mwamphamvu, misozi ikutsika mbali imodzi. Amayi anaseka akulira. Tonse tinaganiza kuti vuto latha.

Ine ndi achimwene tinatenga tepi yawo yakale yoyezera n'kutsikira kudimba. Linali lowongoka bwino monga mwini wake ankafunira: mulitali mamita makumi awiri, mulifupi mamita khumi. Titabwerako tinawauza abambo, ndipo anatambasula dzanja kupempha khala. Analemba 20 m'mbali yaitali, 10 m'mbali yaifupi, manambala opendekeka ngati a mwana woyamba sukulu. Pansi pake analemba chizindikiro chophatikiza. Kenako dzanja linaima.

Tinadikira. Analemba nambala, n'kuifufuta ndi chala. Analemba ina, n'kuiyang'anitsitsa, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti akudziwa kuti yalakwika. Anabwerera kumbali yaitali, kuyendetsa chala, kufika pangodya, n'kuima ngati munthu amene waiwala chomwe walowera m'nyumba. Dzuwa linachoka pakhonde iwo akadali pomwepo, zala zitada bii.

Achimwene anatsegula pakamwa kuti anene yankho, ine n'kuwatsina. Kuntchito ndimauza achibale a odwala kuti azimusiya wodwala ayese yekha, asamamuchitire zonse. Mawu amenewo ndimawanena mosavuta kwa anthu ena. Pakhondepo sindinadziwe chomwe chinali nkhanza kwambiri, kukhala chete kapena kuwauza. Anthu ambiri a m'dera lathu, ena ndi aphunzitsi lero, anaphunzira samu imeneyi kwa munthu ameneyu.

Pomaliza anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ine. Sanayang'ane achimwene kapena amayi. Ndinagwada pambali pawo.

“Kuzungulira konse ndi mamita makumi asanu ndi limodzi, abambo,” ndinatero motsitsa mawu.

Anasisita m'kati ndi chikhatho. Ndinazindikira kuti akufuna eliya, kuti adziwe mbande zokwanira dimbalo. Ndinawauza kuti tikachulukitsa mulitali ndi mulifupi tipeza mazana awiri. Anakhala kanthawi akuyang'ana manambala aja, kenako anaika khala pansi bwinobwino n'kupukutira zala pathalauza.

“Basi,” anatero.

Sindinadziwe ngati akuvomera, akuthokoza, kapena akuti tiwasiye. Chakudya chamasana anakana. M'mawa mwake amayi anawaikira khala pafupi ndi dzanja lawo, koma sanalikhudze.

Mpanda tinamanga ndi nsungwi, achimwene akukumba mayenje, ine ndikumangirira. Unatuluka wokongola. Tinafuna kuti akauone, koma njira yakudambo ndi yotsetsereka komanso yamiyala, ndipo titayesa kuwanyamula pampando anachita mantha tisanafike n'komwe pamtengo wa mapichesi kumapeto kwa bwalo. Tinawabweza. Ndinajambula mpandawo pafoni n'kuwaonetsa. Anayang'ana pang'ono, n'kundibwezera foniyo.

Tchuthi changa chinatha sabata yomweyo. Amayi anandiperekeza mpaka kumsewu atandisenzera kathumba ka mbatatesi. Njira yonse ankakamba za feteleza ndi za nkhuku. Njinga yamoto itaima kuti ndikwere, anandigwira mkono nandifunsa kuti, monga munthu wa kuchipatala, ndiwauze zoona, abambo adzayamba liti kuyankhula. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anandikonzera kolala ya juzi, nati ndikafika ndiimbe.