Makiyi Awiri a Achimwene

Alamu anga amadula makiyi pafupi ndi pokwerera basi, ine ndimagulitsa zidebe pambali pawo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo chala chawo chachikulu chimawerenga kuposa maso. Akangosisita mano a kiyi kamodzi, basi, samuiwalanso. Koma mayi ameneyu, yemwe wathandiza theka la tauni kutseka nyumba zawo, kwake analibe chitseko chotsekeka.

Mwamuna wawo ndi achimwene anga enieni, bere limodzi. Ndi mlonda wa usiku. Amaweruka m'mawa, ndiye akafika kunyumba ankafuna mkazi wawo nthawi yomweyo, majombo asanavule n'komwe. Kale alamu ankangoseka n'kuchedwa kuntchito. Atasiya kusamba, thupi linasintha. Ankatentha ngati mbaula, ndipo kukhala malo amodzi ndi mwamuna kunkawapweteka ngati pabala pathiridwa mchere. Anafotokoza mwaulemu. Achimwene anamva zoti alamu apeza wina.

Alamu anasamukira m'chipinda chomwe munkagona mwana wawo wamkazi asanakwatiwe, n'kuikako loko. Achimwene anathyola chitsekocho ndi jombo. Alamu anachikonza, achimwene anachithyolanso. Ulendo wachitatu anawakokera pansi ndi tsitsi, n'kuwaponda dzanja mpaka chala chamkombaphala chinathyoka. Mpaka lero n'chopindika.

Ine ndinatani? Ndinawathira madzi ofunda pachalapo n'kunena kuti, "Pirirani alamu, achimwene ndi amtima wapachala, koma amakukondani." Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka pano.

Kenaka zinthu zinaphwa pang'ono. Lachiwiri ndi Lachisanu achimwene ankafika masana, atakhuta, opanda chonena. Alamu anayamba kunenepa, n'kumaimba akupala makiyi ndi tupa. Ine ndinkati mapemphero anga ayankhidwa.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa pasaluni ya kumtunda, atavala magalasi akuda ngakhale kunali mitambo. Mlomo wake unali wotupa. Anaika kiyi patebulo.

"Amayi, sindikufuna mnzake wa kiyiyu. Ndikufuna loko wina. Pali munthu ali ndi wofanana naye, sindikufuna azilowanso."

Alamu anatola kiyi uja, chala n'kuyenda pamano ake. Ndinaona nkhope yawo ikuuma.

"Tavula magalasiwo, mwanawe."

Diso linali lotsekeka ndi kutupa.

"Amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu?"

Mtsikana uja anafuna kuthawa, koma alamu anamugwira mkono. "Khala pansi. Kiyi ameneyu ndamukhudza kwa zaka ziwiri m'thumba la yunifolomu ya amuna anga ndikamachapa. Sindikumenya ine. Akumenya kale."

Atamutuma kukagula misomali, ndinawafunsa monong'ona kuti, "Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, ndipo ndinkamuthokoza mumtima. Masiku awiri pasabata ndinkadzuka ngati munthu. Sindinadzifunse kuti akulipira ndani mpumulo wangawo." Anapukuta m'maso ndi chigongono. "Ndikamuikira loko, achimwene anu abwerera kwa ine masiku onse asanu ndi awiri."

"Ndiye muuzeni kuti maloko atha."

Anandiyang'ana mpaka ndinazolika. Kenaka anasankha loko wolemera kuposa onse, uja ankati ndi wa magolosale, n'kupita kukamuika okha ndi chala chawo chopindikacho. Pobwerera anatenga wina wofanana naye, woti akaike pachitseko cha kwawo.

"Mawa ndi Lachisanu," anatero. "Mubwere m'mawa, mudzaone mchimwene wanu."

Ndinapita. Zovala za achimwene zinali zitapindidwa bwinobwino m'zidebe ziwiri zomwe alamu anagula kwa ine, zili pakhonde. Tinakhala m'nyumba, chitseko chakumaso chili chokhoma, tiyi akuzizira m'makapu. Cha m'ma eyiti tinamva majombo. Anali atachokera kale kwa mtsikana uja, ndipo mayendedwe okhawo ankanena kuti akanika kulowa.

Kiyi anakanda pa loko, osalowa.

"Tsegula!"

"Sinditsegula, bambo ake mwana. Katundu wanu ali apoyo."

Jombo linagunda chitseko mpaka fumbi linagwa kudenga, koma alamu anali atakhomera chitsulo kumbuyo kwake. Achimwene anatukwana mawu oti mayi athu akanawamva akanadzuka kumanda. Kenaka njerwa inaswa zenera la pambali pa chitseko, dzanja n'kulowa kufunafuna pokhomera. Alamu anasendera kuti alikankhe, ndipo dzanjalo linawagwira tsitsi n'kuwamenyetsa nkhope pazitsulo za zenera. Kamodzi. Kawiri. Magazi anatuluka m'mphuno n'kudontha pabulauzi.

"Achimwene, asiyeni! Muwapha!"

"Iwe khala chete, si zako izi!"

Zinali zanga. Ndinagwira mkono wa mchimwene wanga ndi manja awiri n'kuupanikiza pafelemu, magalasi osweka akutidula tonse. Alamu anasolola tupa m'thumba la epuloni n'kumenya pazala, osati kamodzi ayi. Ndinamva fupa likulira. Dzanja lija linatseguka, tsitsi la alamu lili pakati pa zala, ndipo panja munthu wamkulu analira ngati mwana. Anthu oyandikana nawo, aja ankakweza wailesi chitseko chikamathyoledwa, tsiku limenelo anatuluka onse kudzaonerera.

Alamu anakhala pansi. Sanasangalale. "Ndinamukonda munthu ameneyu," anatero. "Akanangondimvera kuti zikundipweteka, bwenzi tikumwa tiyiyu limodzi."

Achimwene tsopano amagona pampando kwanga, dzanja lili m'pulasitala, ndipo sitilankhulana bwino. Sabata yatha anandituma kuti ndikawapemphere kiyi wa nyumba yawo. Ndinakanena, poti kutumidwa ndi kutumidwa.

Alamu anazimitsa makina odulira makiyi. Anatsegula kabati n'kutulutsa makiyi awiri akale omwe achimwene anagwetsa pakhonde tsiku lija, wa kunyumba ndi wa kwa mtsikana uja. Anawapukuta ndi kansalu, n'kuwamanga pakachingwe katsopano.

"Kawapatseni," anatero. "Awo ndi amenewa."