Masiku Asanu Amene Amuna Anga Anatunga Madzi

Nditakhala ndi pakati kachitatu, anamwino a kusikelo anandiuza mosapsatira: "Mayi, mwapita padera kawiri. Ndowa pamutu ayi, mtolo wa nkhuni ayi, kusinja ayi. Ngati mukumufuna mwanayu, ntchito zimenezi agwire ena." Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinadzifunsa kuti ena ake ati.

Nthawi imeneyo ndinali kuchitengwa, kwawo kwa amuna anga, kufupi ndi boma la Nkhotakota. Abale awo anali ponseponse: apongozi kumtunda, azakhali kumunsi, ndipo alamu anga, mchemwali wawo wamkulu, nyumba yachitatu kuchokera pathu. Kuseri kwa mpanda wathu kunkachita lendi banja la Asomali lomwe linali ndi shopu ya nsalu pamsika.

Bambo wa Chisomaliyo anali wamtali, wa ndevu zopaka zofiira. M'mawa uliwonse asanakatsegule shopu ankachapa matewera a mwana n'kuwayanika poyera, anthu akudutsa. Ankasesa pakhomo, ankatsuka mapoto mkazi wake akuyamwitsa. Palibe ankamunena. Anthu ankangoti ndi chikhalidwe cha kwawo.

Tsiku lina ndinamufunsa mkaziyo tikucheza pampanda. Anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Chikhalidwe chiti?" anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Kwathu mwamuna kulowa kukhitchini ndi manyazi. Amayi ake atamva akhoza kulira. Koma kuno ndilibe mayi, ndilibe mchemwali. Nditabereka anaona yekha kuti akapanda kuphika tigona ndi njala. Mpunga ankapsereza, kenako anaphunzira. Inu muli ndi mwayi, abale ambiri."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Amuna anga si munthu woipa, ndisawanamizire. Ankagwira ntchito yophika pa loji ina m'mbali mwa nyanja, kutsuka mbale za azungu ndi kusita nsalu zawo zogonera, ndipo mudzi wonse unkawalemekeza chifukwa cha ntchitoyo. Nditawauza za anamwino, sanatsutse. M'mawa mwake anamangirira zigubu ziwiri panjinga n'kupita kumjigo.

Anatunga masiku asanu. Ndinkakhala pakhonde, dzanja pamimba, kumvetsera madzi akukhuthulidwa mumtsuko, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuganizira dzina la mwana. Amayi a kumjigo ankawaseka. "Alamu, nkhata mwaiwala?" "Mawa mubwere ndi chitenje." Iwo ankabwera n'kumandifotokozera, nawonso akuseka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera alamu anga. Ndinawayalira mkeka, ndinawapatsa madzi akumwa, omwewo otunga mchimwene wawo, ndipo anamwa kapu yonse.

"Achimwene, mwativula," anayamba. "Mudzi wonse ukuti mkaziyu anakudyetsani khuzumule. Sindingadutse pamjigo osalozedwa chala. Ife tinabereka ana asanu ndi awiri ndowa ili pamutu. Pakati pake ndi pagolide?"

Ndinaleredwa kuti mlamu wamkulu sayankhidwa, koma tsiku limenelo ulemu unandithera.

"Alamu, ngati manyaziwo akukupwetekani, chigubu ndi icho. Muzinditungira inuyo."

"Ine ndili ndi khomo langa."

"Nanga aneba athuwa, bwanji akuchapa matewera dzuwa likuswa mtengo, osafa nawo manyazi?"

"Uyo ndi mlendo. Alibe womuseka."

Ndinatembenukira kwa amuna anga kudikira mawu amodzi okha. Anali atazolika, akukanda pansi ndi kamtengo. Alamu atapita anandiuza kuti ndisadandaule, apeza njira. M'mawa mwake anakwera njinga n'kupita kuntchito, zigubu zili pakhonde.

Ndinadikira njirayo. Apongozi anatumiza uthenga woti ndizilimba mtima. Azakhali anabwera kudzandizonda, n'kudandaula kuti pakhomo sipanasesedwe. Wondithandiza anali mkazi wa Chisomali uja, amene ankandipatsira ndowa pamwamba pa mpanda, madzi otunga mwamuna wake. Koma nawo anali ndi khanda, ndipo munthu sungamwe, kuphika, kusamba ndi kuchapa ndi madzi opempha tsiku ndi tsiku. Ndinachita manyazi, inenso.

Ndinatenga ndowa. Poyamba ndinkatunga yosadzaza, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Amayi a kumjigo anandilandira bwino kwambiri, mmodzi mpaka anandisenzetsa. Palibe anaseka. Patapita masiku ndinayamba kudzaza, chifukwa maulendo anayi amatopetsa kuposa awiri. Amuna anga ankapeza madzi osamba atatentha, ankasamba, osafunsa kuti achokera kuti.

Zinachitika pakati patakwana miyezi isanu ndi iwiri, masana, ndikuchokera kumjigo. Msana unangoti dwe, ndipo ndinatula ndowa pakati pa njira, pafupi ndi msika. Wondiona anali bambo wa Chisomali uja. Anasiya shopu yotsegula n'kukandipezera galimoto yopita kuchipatala.

Sindidziwa ngati inali ndowayo. Anamwino anati zinthu izi munthu sangatsimikize, ndipo kwa zaka zambiri amuna anga akhala akubisala m'mawu amenewo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinauzidwa kuti ndisasenze, ndinali ndi mwamuna wa manja awiri amene anali atayamba kale kundithandiza, ndipo anamuletsa anthu amene sananditungireko ngakhale kapu imodzi. Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Amene amati nthawi imachiza sanataye mwana chifukwa choopa kusekedwa pamjigo.

Anali wamwamuna. Sanalire. Kwathu mwana wotere amati mtayo: palibe maliro, palibe bokosi, palibe kulira mokweza. Amakamuika amayi akuluakulu okha, mwakachetechete. Abale aja anafika onse tsiku limenelo, ndipo anafika msanga. Ndili chigonere ndinaona alamu anga akumukulunga m'chitenje changa chatsopano n'kumunyamula bwinobwino ndi manja awiri. Kanali koyamba kundinyamulira kanthu.

Amuna anga sanaone nkhope ya mwana wawo. Anapempha kuti alowe, koma alamu anawauza kuti adikire panja, poti imeneyonso ndi ntchito ya akazi. Ndipo anamvera.