Mtima Ukubwera Wapansi

Bambo anga ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina m'tauni, ndipo ife tinkakhala ku Biwi, mabanja asanu pa poloti imodzi. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kufala, aliyense wokhala nayo akukuwira panja kuti timuone. Kutsogolo kunali owotcherera zitseko, kumbali tchalitchi cha zokuzira mawu. Bata ku Biwi linkasowa ngati mchere kumapeto kwa mwezi.

Koma bambo anali ndi lawo. Akatsika minibasi madzulo sankalowa m'nyumba. Ankazungulira kuseri, pakati pa bafa ndi mpanda, pomwe panali ndowa yobooka yovundikira pansi pa mtengo wa papaya. Ankavula nsapato n'kukhala pa ndowapo, manja pamawondo, maso kumpanda. Milomo sinkagwedera n'komwe.

"Musawasokoneze," ankatero mayi. "Thupi labwera pa minibasi, mtima ukubwera wapansi. Akuudikira."

Ine ndinkauonadi mtimawo m'maganizo, ukudutsa pa Mchesi, ukulambalala akalipentala. Akadzuka pa ndowapo ankalowa akumwetulira, n'kutifunsa mmodzimmodzi za kusukulu.

Achemwali anga, amene anali atalowa mapemphero ofuula mpaka mawu kusasa, anawafunsa tsiku lina: "Kodi Ababa, pemphero lopanda mawu limafika kumwamba?"

"Iwe ukapita kwa munthu wamkulu," anayankha bambo, "umangolankhula wekha mpaka kutsanzika?"

Kenako eni nyumba anaona kuti kuseri kuja kukungowonongeka. Anadula papaya, anaunjika njerwa, ndipo posakhalitsa pamalo a bambo panaima chipinda cha lendi. Munalowa mnyamata wina wokonda wailesi.

Masiku otsatirawo sindiwaiwala. Bambo ankatsika minibasi n'kulowa m'nyumba mwachindunji, nkhope ili gwa. Anayesa kukhala kuchipinda, koma wailesi inkaboola khoma. Tsiku lina anakalipira mng'ono wanga chifukwa chotaya madzi a m'kapu, mawu amene tinali tisanawamvepo. Mwana analira, koma amene anaoneka wamantha kwambiri anali bambo. Ndinawamva akuuza mayi motsitsa kuti, "Ndikutha ine."

Mawa lake anafika mochedwa, fumbi mpaka m'mawondo. Anali atasiya minibasi.

"Bola ine ndi mtimawu tizifikira limodzi," anatero, akumwetulira ngati kale.

Anayenda choncho zaka zingapo, dzuwa ndi mvula yomwe. Mayi ankadandaula kuti munthu wosoka nsapato za anzake akumaliza zake, koma ankawatenthetsera madzi oviika mapazi. Ngakhale chifuwa chitawagwira, miyendo itayamba kutupa, sanalole kukwera. Ankangonyamuka msanga, n'kumapumira m'njira.

Anamwalirira kuchipatala. Thupi linabwera masana pa lole, anthu atadzaza poloti yonse mpaka kumsewu. Lole itangoima, amayi a kumpingo anayambitsa nyimbo, ena anayamba kulira mokweza monga mwa mwambo. Pamenepo mayi anatuluka m'nyumba ya siwa, atagwiriziza chitseko, n'kukweza dzanja.

"Pepani amayi, tatontholani kaye pang'ono," anatero. "Abwera pa galimoto awa."

Ambiri sanamvetse, koma namfedwa satsutsidwa. Nyimbo inaduka. Owotcherera aja anali atatseka kale, ndipo mnyamata wa wailesi anaima pakhomo pake, chipewa chili m'manja. Tinaima chilili mozungulira lole, ndipo ndinamva mphepo ikugwedeza lata lomasuka padenga lathu, lomwe ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Patapita kanthawi mayi anagwedeza mutu, amuna anatsitsa bokosi.

Lero ndimakhala ku Area 25, ndipo ndili ndi ndowa yangayanga kuseri. Ndikatsika minibasi ndimazimitsa foni, kuvula nsapato, n'kukhala. Masiku ena mumtima mumadikha, masiku ena mumangosokosa za kuntchito. Ndimawasowa bambo, ndipo ndikanakonda ndikanawafunsa zomwe ankamva pa ndowa paja. Ana anga amaletsana kuti, "Asiyeni, akudikira mtima wawo." Sindiwatsutsa. Koma khutu langa limakhala kumsewu, kumvetsera mapazi a munthu wochokera m'tauni wapansi.